Chibwano cha Romeo pa Tsiku la Roora

Tandiuzani inu odziwa zinthu: n'chiyani chimene chimayamba chatupa kuti chiphwe, koma ukachifulumiza chimatupa kawiri? Za chule musaganize. Ndi chibwano cha Romeo wa ku Gaza, komboni ina ya ku Chipinge.

Romeo anali kapitawo pa esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Chipinge. Agogo ake, amene anachokera ku Thyolo ndi kasutikesi kamodzi, anamusiyira zinthu ziwiri: mawu aakulu ndi chibwano chosanjikizana. M'munda, wothyola akangogwira mzere umene unathyoledwa dzana, Romeo ankakuwa mpaka kumveka kufakitale: "Usiyeni uphukenso! Tiyi sakakamiza!" Anthu ankamvera, koma kumbali ankamutcha Nkhukundembo, poti akakuwa chapansicho chinkavina.

Dzinali linamufika m'khutu pamene ankakonzekera kukapereka roora, ndiye kuti malowolo, kwa makolo a bwenzi lake Nyarai ku Hauna. Tsiku lina anazemba n'kupita ku Mutare, kukakiliniki kumene amabaya jakisoni wosungunula mafuta.

"Patupa kaye, bambo, musadabwe," anatero nesi atamaliza. "Wachiwiri tidzaona pakatha mwezi ndi theka, kutupa kukatheratu. Ndipo ngati muli ndi mwambo posachedwapa, wachiwiriyo adikire mwambowo udutse."

"Mwambo wake uti?" anayankha Romeo. "Thupi langa ndi la m'mapiri, sisita. Silitupa."

Linatupa. Sabata yonse anayenda ndi sikafu, n'kumati ndi chifuwa. Kenaka chibwano chinayamba kubwerera pang'onopang'ono, ndipo anzake atamuyamikira kumalo omwera mowa, iye anadzigunda pamtima.

"Ndi mitunda ya tiyi imeneyi, m'mawa uliwonse ndikukwera. Ena amabayitsa majakisoni ngati madona a m'tauni. Ine ndi thukuta basi."

Koma galasi silinamukhutiritse. Roora linali Loweruka. Lachitatu anaimbira kukiliniki kuja, ndipo anamukanira kwamtuwagalu. Madzulo ake analowa m'saluni ina ku Gaza, kumene mayi wina amabaya anthu kuseri kwa katani osafunsa ngakhale dzina.

"Muwonjezereko, mayi, ndili pachangu," anatero Romeo.

Loweruka m'mawa a Obadiya, amalume ake amene anali munyai wonyamula mawu pakati pa mabanja awiriwo, anamupeza pokwerera kombi, minibasi ya kumeneko, atazinga sikafu mpaka m'makutu. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo.

"Iwe mphwanga, ukubisa chiyani umo? Papaya?"

"Ndi sitayelo, malume."

Ku Hauna zinthu zinayenda bwino pamene Romeo anali kudikira panja pansi pa nthochi. Mbale ya ndalama za roora inalandiridwa, manja anaombedwa. Kenaka anamuitana kuti apongozi amuone. Analowa chogwada, thukuta lili kamukamu. Tete Maidei, mlongo wa bambo ake a Nyarai, anamuyang'ana kuyambira kumaondo.

"Mkamwini alowa m'nyumba ya apongozi atadziphimba ngati wakuba nkhuku? Avule."

Anavula. Khosi ndi chibwano zinali zitagwirizana kukhala chinthu chimodzi, chofiirira, chonyezimira ngati mapeyala opsa.

"Maiwe, matsagwidi!" anakuwa tete, akukoka ana kuwatulutsa panja. "Achimwene, inu mukudziwa. Matsagwidi akagwira mwamuna wandevu amatsikira kumunsi n'kukawotcha mbewu. Mwana wathu akufuna kubereka. Abwezereni mbale yawo."

Bambo ake a Nyarai anaika dzanja pambale ija n'kuyamba kuikankhira kwa a Obadiya, pang'onopang'ono. Romeo anaiyang'ana ikuyenda pamphasa, ndipo anaona mkazi akuyenda nayo limodzi.

"Si matsagwidi, tete."

"Nanga n'chiyani? Njuchi?"

"Ndi jakisoni," ananong'ona.

"Kwezani mawu, akapitawo," anatero a Obadiya. "Si paja mumamveka mpaka kufakitale?"

"Jakisoni wa mafuta! Anati ndidikire mwezi ndi theka, ine ndinakabayitsanso Lachitatu."

A Obadiya anakanda m'mutu. "Ha! Ndiye thukuta lija amagulitsa m'botolo?"

Woyamba kuphulika anali Nyarai, kuseri kwa chitseko kumene ankamvetsera. Kenaka nyumba yonse inagwa nacho chikhakhali, mpaka bambo ake anatsamwa. Romeo naye anayesa kuseka, koma chibwano chinakana.

Tete Maidei atapukuta misozi anagamula. Mbale ikhale, koma mwana satuluka pakhomo.

"Adzabwere akaphwa. Tikufuna tione nkhope imene tikuipatsa mwana wathu, tingadzamusokoneze ndi wina pamsewu."

Romeo anabwerera kwa nesi uja mutu uli pansi. Nesi anapagwiragwira, anati ali ndi mwayi kuti sipanachite bala, ndipo anamuuza kuti tsopano kudikira kuyambirenso poyamba. Akanangokhala phee, bwenzi atalowa kwa apongozi ndi chibwano chophwa, Nyarai n'kukwera naye kombi tsiku lomwelo.

Nkhani ili ndi miyendo. Inafika ku esiteti iye asanafike. Lolemba atangoima pamzere n'kutsegula pakamwa kuti akuwe, amayi othyola tiyi anamutsogolera onse pamodzi, madengu ali kumsana:

"Chisiyeni chiphwe kaye, akapitawo! Chibwano sakakamiza!"

Akulu sananame: kuthamanga si kufika.