Chizungu Chobwereka cha a Gerishomo

Kalata inawapeza a Gerishomo ali pakhomo pawo kwa Mwambo, akusoka thumba la mpunga, matope a kusikimu ya mpunga ya Likangala adakali m'miyendo. Anabwera nayo ndi abusa Makisoni eni ake, panjinga, thukuta lili kamukamu. Chinali chaka cha 1974.

"Akulu ampingo, taikani kaye singanoyo pansi," anatero abusa. "Mukupita ku Nairobi."

"Nairobi wake uti? Kuseri kwa Songani?"

"Ku Kenya, bambo. Pandege."

Mai Esinati, akazi awo a Gerishomo, anali kupeta chapafupi. Lichero linangoima m'malere.

Abusa anamasulira kalatayo pang'onopang'ono. Kunali msonkhano wa atsogoleri a mipingo ochokera m'maiko ambiri. Okonza ake sankafuna abusa okhaokha ayi, ankafunanso akulu ampingo wamba, ndipo akuluakulu a mpingo ku Blantyre anatumiza dzina la a Gerishomo. Anawasungira mphindi makumi awiri kuti akafotokoze zimene mpingo wawo unachita chaka chimene nyanja ya Chilwa inauma. Kalatayo inanenanso kuti wosadziwa Chizungu asade nkhawa, omasulira adzakhalapo.

Nkhani ya chaka chimenecho aliyense wa kwa Mwambo amaidziwa. Mu 1968 nyanja inauma mpaka anthu kumayenda wapansi kupita ku chilumba cha Chisi. Mabwato anangokhala pa dothi long'aluka ngati ziwiya zotayidwa, asodzi manja ali m'khosi. Ambiri analowa kusikimu, koma ulimi wa mpunga sankaudziwa, ndipo pa ngalande panabuka ndewu. A kumutu kwa ngalande ankatseka madzi, a kumapeto mpunga wawo n'kumapsa. Anthu omwe ankaimba limodzi Lamulungu ankasongolerana makasu Lolemba. A Gerishomo ndi amene anaimirira m'tchalitchi n'kunena kuti pa ngalande yawo madzi aziyambira kwa wa kumapeto, kenako azibwerera chakumutu. Anafesanso nazale imodzi ya onse, naphunzitsa asodzi kuoka. Ndewu inatha. Nkhani yonse imene ankaifuna ku Nairobi inali imeneyi basi.

Koma abusa atangokwera njinga yawo, a Gerishomo anayamba kupukusa mutu.

"Amake Lucy, mwamva? Kumeneko kudzakhala mabishopu, anthu a madigiri. Ndiye ine ndikaimirire n'kumanena za matope ndi makasu? Adzati Malawi watumiza mlenje wa achule."

"Nanga si zimene apemphazo, abambo ake Lucy?"

"Inu simudziwa za kunja. Kalata imalembedwa mwaulemu chabe. Kumeneko munthu amamuyeza ndi Chizungu."

"Inuyo mwapitako liti kunjako?" anafunsa mai Esinati, napitiriza kupeta.

Mawa lake a Gerishomo anapita kwa a Thomson, mphunzitsi wa sitandade eyiti. A Gerishomo sukulu anailekeza sitandade fili, Chizungu chawo chinali cha moni ndi kutsanzika. A Thomson anayesa kuwaletsa, koma pang'ono chabe, poti nawonso anali ndi mawu akuluakulu amene kwa zaka zambiri ankasowa kowagwiritsa ntchito. Analemba mapepala asanu okhudza utsogoleri. Mawu ena anali aatali ngati msewu wa ku Liwonde. Za Chilwa munalibemo ngakhale dontho.

Sabata zitatu a Gerishomo ankaloweza mapepalawo pa mzere wa munda, akufuula. A Bizweki, anzawo olima puloti yoyandikana, anawaimirira tsiku lina atatsamira khasu.

"Achimwene, musaleke ndithu. Chiyambireni inu kulalikira, mpheta sizinaterenso m'munda mwanga."

"Sekani, a Bizweki. Chimene simuchidziwa chimamveka phokoso."

"Nanga inuyo mukuchimva chimene mukunenacho?"

A Gerishomo anangotembenuza pepala.

Pasipoti inatuluka. Kadi ya chipani anaiika m'thumba la malaya, tsitsi anameta lalifupi kuti pabwalo la ndege pasakhale chonena. Jekete anabwereka kwa abusa, nsapato kwa a Thomson. Nsapatozo zinali zothina, koma zinkawala. Tsiku lolongedza, mai Esinati anabwera ndi kathumba ka nsalu kodzaza mpunga wosapuntha, wa mbewu, wosankhidwa bwino.

"Mukawaonetse anzanuwo chimene timalima."

"Chotsani, chotsani. Ndikatsegule sutikesi mu hotela, mutuluke mankhusu? Mukufuna andiseke?"

Mai Esinati anadikira amuna awo apite kukatsanzika kwa a Bizweki, naika kathumbako pansi penipeni, nakaphimba ndi thaulo lakale.

Ndege ananyamukira pa Chileka, a Gerishomo atagwira mpando ndi manja onse awiri, akuimba nyimbo ya Mulungu chamumtima. Anafika bwino. Nairobi anawazunguza mutu: nyumba zosanjikizana mpaka khosi kuwawa, magalimoto ngati linthumbu. Pamsonkhano panali anthu akuda, oyera, ofiira, ena ovala mikanjo, ena zisoti zachilendo. Aliyense akawafunsa kwawo, ankayankha kuti, "Zomba, kapitolo." Kwa Mwambo sanakutchule, ndipo manja awo ong'aluka ndi matope ankawabisa m'matumba a jekete.

Anthu anagawidwa m'magulu. Amalawi anzawo anapita kwina, iwo anagwera gulu limene munali abusa Jafeti a ku Chipata, munthu wansangala wodziwa Chinyanja.

"Ndiye ndinu a Gerishomo!" anatero abusa Jafeti. "Andiuza kuti ndikumasulireni Lachinayi. Muzingolankhula ngati muli pakhomo panu, zotsalazo ndi zanga."

"Musavutike, abusa. Ndabwera wokonzeka."

"Ndithu?"

"Ndithu ndithu."

Lachinayi m'mawa holo inadzaza, anthu ngati makumi asanu ndi limodzi. A Gerishomo anaimirira, nsapato zikuluma, nayamba kuwerenga chala chili pa mzere. Mawu amene ankatuluka bwino pa munda anayamba kukakamira kukhosi ngati minga ya mlamba. Mutu sanadzutse. Thukuta linanyowetsa mapepala, moti awiri anamatana, iwo n'kuwatembenuza pamodzi. Palibe anazindikira, ngakhale iwo eni. Bishopu wina kutsogolo anayamba kuodzera mwaulemu. Mai wina ankayang'ana wotchi. Atamaliza, anthu anaomba m'manja mwa apo ndi apo, ngati mvula yowaza imene sinyowetsa fumbi.

A Gerishomo anapuma, poganiza kuti aoloka. Pomwepo kumbuyo kunaimirira mbusa wina wachikulire, wamtali, wovala mkanjo woyera. Analankhula Chifalansa, wina n'kumasulira m'Chizungu, abusa Jafeti n'kumawanong'oneza a Gerishomo m'Chinyanja.

"Akuti iwo ndi a ku Chadi. Akuti kwawo kuli nyanja imene ikuthawa chaka ndi chaka chifukwa cha chilala. Asodzi a mumpingo mwawo ayamba kulima m'mphepete, koma akumenyana chifukwa cha madzi, moti ena aleka kupemphera pamodzi. Akuti anaona pa pulogalamu kuti lero kulankhula munthu amene nyanja yake inauma, ndiye asiya gulu lawo kuti adzamumve."

Abusa Jafeti anakhosomola pang'ono.

"Akufunsa kuti munthu ameneyo afika nthawi yanji."

A Gerishomo anatsegula pakamwa, koma belu linalira. Nthawi inali itatha, wina anali ataima kale ndi mapepala ake. A Gerishomo anatuluka m'holomo nkhope ili pansi, ngati nkhuku yonyowa.

Chakudya cha masana sanadye. Anakadzitsekera m'chipinda, navula nsapato zija n'kuziponya pakona. Pofuna chopukutira thukuta anapisa m'sutikesi, nakoka thaulo lakale, ndipo kathumba kanagwera pamapazi awo. Anakamasula. Fungo la mpunga wa kwawo linadzaza chipinda chonse. Anakhala pabedi nthawi yaitali, mbewu zili m'manja, mpaka anayamba kuseka okha.

"Amake Lucy inu," anatero. "Mkazi wosamva."

Abusa Jafeti anagogoda, nasuzumira.

"Achimwene, muli moyo?"

"Moyo ulipo, abusa, koma nkhope ndilibe. Ndinabwereka jekete, ndinabwereka nsapato, ndinabwerekanso pakamwa. Nkhalamba ija yachoka kutali kudzafuna madzi, ine ndaipatsa chikho chopanda kanthu."

"Nkhalambayo sinapite. Nthawi ya tiyi imakhala pansi pa mtengo kuseriku. Tipite?"

"Kodi mungandimasulirebe, chikhalirecho ndinakukanani?"

"Ntchito yake ndi imeneyo. Koma nsapatozo zisiyeni, zikumvetsa chisoni."

Anapita atavala patapata wa abusa Jafeti, wopanda jekete. Mbusa wa ku Chadi anali pa tebulo ndi mnzake womasulira. A Gerishomo anagwada pang'ono monga mwa kwathu.

"Muwauze kuti munthu uja wafika. Anachedwa panjira."

Nkhalamba inawayang'anitsitsa, kenako inaseka mpaka kugwira pamimba, n'kuwakokera mpando.

A Gerishomo anakhuthula mpunga pa tebulo, naukoka ndi chala kukhala mzere wautali. "Iyi ndi ngalande." Anatenga makapu a tiyi nawandandalika m'mbali. "Awa ndi minda. Kuno ndi kumutu, kumene madzi amalowera. Uku ndi kumapeto, kumene kunali amai amasiye ndi asodzi obwera mochedwa." Mawu anayamba kutuluka okha ngati madzi otsegulidwa. Anafotokoza za mabwato pa dothi louma, za makasu osongolerana, za nazale ya onse. Manja aja ankawabisa tsopano ndi amene ankalankhula. Anthu odutsa ndi makapu awo anayamba kuima. Bishopu woodzera uja anafika, ali maso ndithu, nachotsa yekha shuga pa tebulo kuti ngalande ipitirire.

Nkhalamba inafunsa funso limodzi. "A kumutuwo anavomera bwanji kudikira? Kwathu sangalole."

A Gerishomo anagwira kapu yoyamba. "Munda uwu unali wanga. Ndinatseka wanga poyamba, ndinathirira pomaliza. Chaka chimenecho ndinakolola pang'ono kuposa onse, ndipo mai a kunyumba anakhala masiku awiri osandilankhula. Koma Lamulungu lotsatira panalibenso wina wa kumutu amene akanatha kutsegula madzi ake ine ndikuona."

Mawuwo atadutsa m'Chizungu n'kufika m'Chifalansa, nkhalamba inagwira dzanja la a Gerishomo, n'kulitembenuza, n'kuyang'ana ming'alu yake.

"Akuti munda wa kumutu kwawoko ndi wa mng'ono wawo," anatero abusa Jafeti. "Akuti tsopano adziwa koyambira."

Nkhalambayo inapempha mpunga uja. A Gerishomo anauwolera m'kathumba, napereka ndi manja awiri.

Mphindi makumi awiri zija sizinabwererenso. Ambiri amene anali m'holo anabwerera kwawo akudziwa kuti Mmalawi wina anawerenga zinthu zosamveka, basi. Izi zinkawawawa a Gerishomo, ndipo atabwerera sanabise. Lamulungu loyamba anaimirira m'tchalitchi nafotokoza zonse, za mapepala omatana, za bishopu woodzera, za munthu amene anachedwa panjira. Anthu anaseka mpaka misozi. A Thomson anaseka kuposa onse, ngakhale pambuyo pake anafunsa kuti mapepala amene anadumphidwawo anali ati, poti lachitatu ndi limene linali lokoma kwambiri.

Akutuluka, a Bizweki anawakodola. "Ndiye Chizungu chija mwabwera nacho? Mpheta zabwereranso kwanga."

Kunyumba mai Esinati anakhuthula sutikesi, nakutumula thaulo lakale.

"Abambo ake Lucy, kathumba kanga kali kuti?"

"Kapita ku Chadi."

"Kathumba ka mankhusu kaja? Kochititsa manyazi kaja?"

"Komweko."

"Ooo," anatero mai Esinati, akupinda thaulo. "Ndiye kuti pa ulendowu amene anakalankhula kumsonkhano ndi ineyo. Inu munangondinyamulira."

Mawa lake a Gerishomo anabweza jekete ndi nsapato kwa eni ake, natenga khasu kupita kusikimu, poti linali tsiku lotsegulira madzi a kumapeto.

Munthu anauluka mpaka ku Kenya atavala za eni, akuchita manyazi ndi matope amene anamulera, koma chimene dziko linkafuna kwa iye chinali matope omwewo. Akulu akale sananame pamene anati: mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.