Nyimbo ya pa Liwiro

Panali munthu wina amene ankaphunzitsa mahatchi pa esiteti ina ya tiyi kumapiri. Ntchito yake inali kuwafatsitsa, kuti mlendo aliyense azikwera osagwa.

M'khola mwake munali hatchi yotuwa, dzina lake Phulusa. Mayi wake atafa, munthuyu anailera yekha ndi mkaka wa m'botolo, ndipo ankaikonda mosabisa. Poyenda pang'onopang'ono, Phulusa anali wofatsa zedi, khosi lili pansi, makutu ali lende. Koma akangoyamba ndawala, khosi linkauma gwa, maso ali tong'o. Likafika liwiro ndiye eee, ankachita ngati akuthawa moto wolusa. Tsiku lina anagwetsa mlendo mpaka kumuthyola mkono.

Mwini esiteti sanachulutse mawu. "Ikapanda kusintha mvula isanagwe, ndiiwombera. Sindiweta chilombo ine."

Wophunzitsa mahatchi uja tulo tinamuthawa. Anasintha chitsulo cha m'kamwa, anasintha chishalo, anamuchepetsera madeya. Ankakoka zingwe mpaka manja kuchita matuza. Ayi ndithu, Phulusa anali yemwe uja, ndipo mitambo inali itayamba kusonkhana.

M'mawa wina mkazi wa wophunzitsayo, popita kothyola tiyi, anaima pampanda n'kumaonerera. Mwamunayo atatsika, mayiyo anafunsa kuti, "Bambo a Fanesi, kodi mumasiyiranji kuimba?"

"Kuimba chiyani?"

"Mukamayenda pang'onopang'ono mumaimba kanyimbo kanu kaja. Ikangoyamba kuthamanga, inu zii, mano mwaluma. Ine amene ndili kuno ndimachita mantha. Nanga iyo imene mwaikwerayo?"

Munthu uja anakumbukira zakale. Ali mnyamata, hatchi ina inamuponya pansi ili pa liwiro, ndipo chiuno chinkamukumbutsabe nthawi yozizira. Mantha a tsiku limenelo sanachoke, anangobisala m'manja ndi m'maondo. Hatchi siiona nkhope ya woikwera. Imamva mpweya wake ndi kagwiridwe kake. Nyimbo ikaduka, zingwe n'kulimba, Phulusa ankati mbuye wake waona choopsa. Ankathawa kuti apulumuke onse awiri, wachisoni.

Tsiku lomwelo munthuyo anakweranso, n'kulowa mumsewu wautali wa pakati pa tiyi. Anayamba kuimba. Anagunda ndi chidendene, ndawala inayamba, nyimbo n'kufuna kuduka. Anaimbabe, mawu akunjenjemera, osakoma n'komwe. Anagundanso, liwiro linafika. Manja ankafuna kukoka. Iye anamasula zingwe, n'kukweza mawu.

Phulusa anatembenuzira khutu limodzi kumbuyo, n'kumvetsera. Kenaka anatulutsa mpweya m'mphuno, phuu, khosi lija n'kutsika. Anathamanga msewu wonsewo mwamtendere, ngati mmene ankayendera popita kukamwa madzi. Atafika kumapeto, munthu uja anakumbatira khosi lake, nalira. Mvula inagwa, ndipo mfuti siinalire.

Tsono inu makolo anzanga, ndikulankhula ndi inu. Mwana ali wamng'ono, akuyenda pambali panu, mumaseka naye, mumamuimbira. Akangoyamba kukula, miyendo n'kufuna liwiro, nkhope yanu imasintha. Mumaleka kucheza naye, mumangokoka. Sindikukudzudzulani ayi. Ndikudziwa kuti nanunso munagwapo, ndipo mpaka lero pamawawa. Koma mwanayo za kugwa kwanuko sazidziwa. Amangomva kuti mawu aja ankamukhazika mtima pansi atha, ndiye amathawa osadziwa chimene akuthawa. Inu n'kumati mwana walowerera.

Kuthamanga athamanga ndithu, ndi msinkhu wake. Lero mukafika kunyumba, mumuitane akhale pafupi, mucheze naye ndi mawu omwe aja munkamulankhula nawo akuphunzira kuyenda. Ngakhale anjenjemere mawuwo, musasiye.