Mayenje Onunkha a Nagama

Kumalire kwa tauni ina kunali mayi wina dzina lake Nagama. Ankakhala pamalo amene anabadwirapo, moyandikana ndi mlamu wake, mkazi wa mchimwene wake, aliyense ndi chitsime chake kuseri kwa nyumba. Kumtunda kwawo kunali fakitale imene kale inkatsuka zitsulo ndi mankhwala. Fakitaleyo inatsekedwa, eni ake anapita, koma mankhwala amene ankataya pansi aja sanapite. Analowa m'nthaka mpaka anakafika kumene kuli madzi.

Madziwo ankaoneka oyera bwinobwino. Koma anthu oyeza madzi atabwera, anakhomera matabwa pa zitsime zonse ziwiri. Kuyambira pamenepo Nagama ankakatunga kumjigo wa kutsidya kwa msewu waukulu, ndowa pamutu, khanda kumsana, malole akumuwomba mphepo. Mwamuna wake anati, “Zikakhala chonchi mpaka chaka chamawa, tisamuka pano.”

Oyeza madzi aja anabweranso. Anaboola mayenje opapatiza koma akuya pabwalo la aliyense, n'kuthiramo madzi amatope a m'zigubu zotseka. Mmodzi wa iwo anafotokoza kuti, “Umu muli tizilombo tosaoneka ndi maso, timene timaphwanya poizoni ameneyu pang'onopang'ono mpaka atatha. Timafuna chakudya, ndipo timadana ndi mpweya. Muzithiramo madzi otsekemera a zotsalira za nzimbe awa, kenako muzivundikira. Koma musaidule ntchitoyi pakati. Poizoni wophwanyidwa theka ndi woipa kuposa woyamba.”

“Abale inu, tayamba kuweta majeremusi ngati nkhuku?” anaseka mlamu uja.

Nagama sanaseke. Anayang'anitsitsa mmene oyezawo ankasungunulira chakudyacho, n'kusunga mumtima.

Patapita miyezi, mayenje aja anayamba kununkha ngati mazira owola. Kenako mvula inagwa, kunamveka za kolera, ndipo khomo lililonse linalandira kolorini wothira m'madzi akumwa. Mlamu uja anali mayi waukhondo, wosalola ngakhale ntchentche imodzi pambale. Anatenga kolorini wake n'kukhuthulira m'mayenje ake onse. Fungo linatheratu. Ataona choncho, ananyamula botolo lina n'kulowera kwa Nagama.

Nagama atamuona patali, anathamanga n'kukakhala pa chivundikiro cha dzenje lalikulu.

“Tachokanipo apo, alamu. Anthu akulavula akamadutsa pakhomo panu.”

“Alavule.”

“Kodi kusikelo sanatiuze kuti tizilombo n'tofunika kupha? Muli ndi khanda inu!”

Mawu amenewo anamubaya Nagama, poti nayenso anakula akumva zomwezo. Anasuzumira mwana kumsana. Koma sanasunthe.

“Ta mu ndowa yakumwa ndapha kale m'mawa,” anatero. “Ta pansi pano ndi antchito anga. Ngati botololo lakulemerani, thirani pamutu pangapa.”

Mlamu anatsonya n'kubwerera.

Nagama anapitiriza. Ankathira chakudya chija, n'kuvundikira, n'kumata m'mbali ndi dothi. Alendo anasiya kukhala pabwalo pake. Mwamuna wake ankadyera m'nyumba, zenera atatseka.

Mvula itatha, oyeza aja anabwera. Pansi pa bwalo la Nagama poizoni anali atangotsala pang'ono kutha. Koma kwa mlamu tizilombo tinali titafa, ndipo poizoni wophwanyidwa theka uja ankayenderera pansi kulowera kuchitsime cha Nagama, poti madzi a pansi sadziwa pamene pali mpanda. Matabwa aja sanachotsedwe.

Mwamuna wake anayamba kufunafuna malo ena. Mlamu ankabisala m'nyumba chifukwa cha manyazi.

Nagama anangofunsa oyezawo funso limodzi: “Kodi tizilombo tanga tija tingakhale mbewu kwa alamu?” Atavomera n'kumuonetsa katungidwe kake, anadzaza chigubu ndi madzi akuda a m'dzenje lake, ndendende kuti musatsale mpweya, n'kutseka zolimba. Anachisenza pamutu mpaka pakhomo pa mlamu wake.

“Odi, alamu! Ndabwera ndi nkhuku zija. Tsegulani khola.”

Mlamu anatuluka, anagwira mphuno, kenako anaisiya n'kuthandiza kutula chigubucho.

Chaka chimenecho makomo onse awiri ananunkha. Nagama anapempha mwamuna wake kuti apirire nyengo imodzi yokha, n'kupitiriza kuwoloka msewu uja, mwana tsopano akuyenda yekha atagwira chitenje. Ndipo tsiku limene matabwa anazulidwa, anazulidwa pa zitsime zonse ziwiri.

Inu amayi anzanga, pali ntchito zina zokonza zimene zimayamba zanunkha zisanayere: kuyanjanitsa abale, kuchiza matenda okhalitsa, kuwongola mwana amene wasokera. Zikafika ponunkhapo, wina adzabwera ndi botolo, ndipo adzakhala munthu wokufunirani zabwino. Khalani pa chivundikiro. Ndipo mnzanu akapha zake, musaime pampanda n'kumamuseka, chifukwa madzi ake ndi omwewo mudzamwetse ana anu. Senzani chigubu mupite.