Mkamwini Wometa Nkhosa mu Juni

Kalekale, ana inu, kumapiri kozizira kunali mkamwini dzina lake Chimbalanga. Anali ndi nkhosa imodzi ya ubweya wofika pansi. Mkazi wake, Nagama, ankadziwa kupota ulusi ndi kuluka.

Apongozi ake anamutumizira mawu: "Chaka chino ndifunde bulangete. Apo ayi, mkamwini aone msana wa njira."

Chimbalanga anapita kukhola.

"Nkhosa, ndigawireko ubweya."

"Tengani, bambo. Koma mundimete dzuwa likuswa mtengo, kuti chisanu chidzandipeze nditavala."

Dzuwa linaswa mtengo. Chimbalanga ali pabawo: "Mawa." Mvula inagwa. "Mawa." Anthu anakolola. "Mawa." Ulesi wa bambo ameneyu, ine umandinyansa mpaka lero.

Juni anafika, mano gwedegwede. Apongozi anatsokomola kamodzi kokha, Chimbalanga mtima phwii! Anatola lumo, nameta Nkhosa mpaka mpala.

"Mee! Si pangano lathu ili!"

"Pepa, mnzanga, banja likutha."

Nagama anatsuka ubweya, napota, naluka. Bulangete linapita kwa apongozi. Chimbalanga anayamba kuyenda modzithemba.

M'mawa wina wa nkhungu, Nkhosa inatuluka m'khola ikunjenjemera, ikununkhiza ubweya wake. Inalowa m'nyumba ya apongozi, n'kudzipinda m'bulangete muja.

Chimbalanga anaithamangira, koma pakhomo anaima njii. Mkamwini alowe kuchipinda kwa apongozi? Malaulo! Anangonjuta panja, akunong'ona: "Tuluka! Chonde tuluka!"

Nkhosa inangodzifunditsa mpaka kumutu.

Apongozi pochokera kumoto anapeza mlendo pamphasa.

"Iwe, bwanji m'bulangete langa?"

"Ndadzavala malaya anga, mayi. Mkamwini wanu anandivula m'chisanu muno."

Apongozi anaigwira pamsana. Kuzizira ngati mtsuko! Chisoni chinawagwira. Anaifunditsa bwinobwino, naitana mwana wawo.

"Nagama, chaona mnzako chapita. Munthu wovula mnzake mu Juni, mawa avula ine. Kamuuze amange katundu."

Chimbalanga anachonderera ali kuseri kwa nkhokwe, koma ayi ndithu. Anatsika phiri ndi kamphasa kake kukhwapa, akulira, Nkhosa ikumusuzumira pakhomo ili m'bulangete mpaka m'khosi.

Mwamva, ana inu? Amene akukupatsa cha pathupi pake, umutengere pa nthawi imene wanena yekha.

Kanthano kanga kathera pomwepa.