Dokotala Amene Anadzitsekera Kunja

Panali munthu wina, dokotala wophunzira kwambiri, amene ankaphunzitsa pa sukulu ina ya ukachenjede. Chaka ndi chaka mvula ikagwa, ankaona anthu akufa atadya bowa wakupha. Anafufuza kwa nthawi yaitali, mpaka anapeza njira yopulumutsira wodwala wotere pogwiritsa ntchito mankhwala opezeka m'zipatala zathu zomwezi. Odwala amene anawayeserapo njirayo anali anthu a m'midzi, ndipo palibe anamukaniza magazi ake.

Dokotalayo atalemba zonse, mayi woyang'anira laibulale ya pasukulupo anapita ku ofesi kwake.

"Adokotala, tisiyireniko kope limodzi. Tiliika poti aliyense athe kuwerenga, ngakhale anamwino a kumudzi."

Dokotala uja anaseka.

"Mayi, ntchito ngati iyi siikhala pa shelefu ya fumbi. Ikupita kunja, kumene kuli anthu odziwa kuwerenga."

Anaitumizadi ku magazini ina yotchuka ya akatswiri a kutsidya kwa nyanja. Eni magaziniyo anati asaine kuti zolembazo tsopano ndi zawo, ndipo asapatse wina aliyense. Anasaina osaphethira n'komwe. Anamukweza pa ntchito, anthu anamuombera m'manja, iye n'kumayenda mapewa ali m'mwamba. Bowa naye anapitiriza kupha anthu monga kale.

Patapita zaka, dokotala uja anapuma pa ntchito n'kubwerera kwawo. Tsiku lina anadya bowa wofutsa wogula pamsika. Bowa akauma, wabwino ndi woipa amafanana, ngakhale kwa katswiri. Pomafika naye ku chipatala cha boma lawo n'kuti akungobwebweta, osazindikira ngakhale mkazi wake.

Dokotala amene anamulandira anali atamvapo kuti bambo ameneyu analemba za matenda omwewa. Anathamangira pa kompyuta n'kupeza pepalalo. Dzina la wodwala wake linali pamwamba, m'zilembo zikuluzikulu. Pansi pake panali mizere yochepa yonena kuti njira yochizira yapezeka. Koma mankhwala ake ndi ati, mlingo wake ndi wotani, zonsezo zinali zokhoma. Kuti awerenge zonse, pankafunika kulipira ndi khadi la banki yakunja, limene pachipatala ponsepo panalibe amene anali nalo.

Anaimbira foni mayi wa ku laibulale uja.

"Mayi, pepala la adokotalawa muli nalo? Eni ake ali pabedi pano, akutisiya."

"Tilibe, bambo. Ndinawapempha, anakana. Magaziniyo sukulu inaleka kalekale kuilembetsa. Ndipempha anzathu a laibulale ya kunja atitumizire."

Mayiyo anapemphadi nthawi yomweyo. A kunjawo anayankha mwaulemu kuti pempho lalandiridwa, aliona kaye a zamalamulo, ndipo lidikire pamzere. Dokotala wa pachipatala anayesa zonse zimene ankadziwa. Sizinakwanire.

Pepala lija linafika tsiku limene abale ankameta maliro.

Inu amene mwayamba kulemba ndi kufufuza, nkhaniyi imandipsetsa mtima, ndipo sindibisa. Sindikukuletsani kusindikiza kunja. Sindikizani, dziko likudziweni. Koma mumatenga magazi a anthu, nthawi yawo ndi misonkho yawo, kenako nzeru zotulukamo mukazipereka kwa mlendo kuti azikhome, inu n'kumanyadira kuti dzina lanu latuluka. Manyazi mulibe kodi? Musanasaine, werengani chimene mukusainacho. Kanani kugulitsa zonse, ndipo siyani kope pano pamene anthu anu angalifikire. Munthu amene adzalifune mofulumira simukumudziwa, ndipo tsiku limenelo mwina inu simudzatha kuyankhula.