Kaputeni wa ku Ilford

Pa depoti ya mabasi ku Ilford, mu mzinda wa London, aliyense ankadziwa kuti a Greenwell Kalua sanachedwepo chiyambire ntchito, poti ankanena okha nthawi iliyonse ya tiyi. Ataphunzira kuyendetsa boti la matanga pa mtsinje wa Thames anadziveka dzina loti Kaputeni, ndipo wowatchula kuti dalaivala ankayankhidwa ndi nkhongo.

Tsono mzungu wina wokalamba anafuna anthu okamutengera boti lake ku zilumba za Azores, pakati pa nyanja yamchere. A Greenwell anadzipereka, natenga Mwila, mwamuna wa mlongo wawo Etta, munthu wofatsa wa ku Lusaka yemwe anagwirapo ntchito m'sitima zapamadzi. Etta sanakondwe, poti ana anali aang'ono, koma achimwene ake anali atalengeza kale kutchalitchi ku Peckham Loweruka limene adzafike. Amayi a kwaya anali atasoketsanso zitenje za nkhope yawo, chipewa cha ukaputeni chili kumutu.

Ali pakatikati pa ulendo wobwerera, wailesi inachenjeza za namondwe. Mwila anatsitsa thanga lalikulu n'kusiya kansalu kakang'ono, namanga chiwongolero ndi chingwe kuti boti lingoyandama litalozetsa mphuno ku mafunde, osapita patsogolo. Kenaka onse analowa m'kati n'kutseka chitseko. Ntchito yotsala inali kukhala basi. Boti linkabuula ngati ng'ombe yodwala, zovala zonse zili chinyontho, ndowa ya masanzi ikuyendayenda pansi, chakudya chili mabisiketi ndi madzi.

A Greenwell anapirira poyamba, diso lili pa wotchi. Kwa iwo basi yoima inali manyazi a dalaivala, ndipo Loweruka linkayandikira. Mphepo itangotsikako pang'ono analamula kuti thanga likwere. Mwila anawauza kuti namondwe akungokoka mpweya, abweranso.

"Ba mulamu, iyi si njila ya basi ya ku Romford. Tinkhale chabe, mphepo izasila."

"Alamu, anthu asoka zitenje. Kodi kaputeni muno ndani?"

Munthu amene anakupatsa mlongo wake sutsutsana naye kawiri. Mwila anavala jekete, natuluka, nayamba kukwawira ku mlongoti. A Greenwell anaona kuti Mwila akuchedwa, ndiye anamasula chiwongolero asanauzidwe. Boti linatembenuka n'kupereka nthiti ku mafunde. Funde lotalika ngati basi ya m'mwamba ndi pansi linagwa pa iwo, mlongoti unathyoka ngati phesi, ndipo madzi atatsetsereka, pamene panali Mwila panatsala kachidutswa ka chingwe chimene anadzimangira m'chiuno.

A Greenwell anaitana dzina lake mpaka mawu anatha. Kenaka Kaputeni anachita zomwe anakana zija: analowa m'kati, kutseka chitseko, n'kukhala. M'mawa mwake nyanja inali phee, ngati sinalakwepo chibadwire.

Sitima ya katundu imene inawatola inali pa ulendo wa ku Canada, ndipo siinakhote chifukwa cha iwo. Ku London anabwera pa ndege patapita masabata, atavala ovololo yopatsidwa ndi amalinyero. Anapeza anthu atalira kale maliro a Mwila, opanda bokosi, poti panalibe woikamo.

Etta anawatsegulira chitseko cha fulati yake, nawapatsa mpando ndi madzi akumwa monga mwa ulemu. Ana anawalowetsa kuchipinda. Sanalire, sanatukwane. Anamvetsera nkhani yonse, mphepo ndi mafunde ndi kufooka kwa zingwe za masiku ano, mpaka achimwene akewo atasowa chowonjezera.

"Achimwene, mukanadikira, mukanafika liti?"

A Greenwell anayang'ana pansi.

"Lachiwiri."

Etta anagwedeza mutu, natenga kapu ija n'kupita nayo kukhitchini. Sanatulukenso mpaka mlendo atanyamuka yekha.

Pa depoti paja masiku ano a Greenwell amamwa tiyi wawo chete, ndipo akawaitana kuti dalaivala amatembenuka. Akuluakulu sananame: kuthamanga sikufika.