Michira ya Manambala a Bwana Kachingwe

Bwana Kachingwe, mwini kampani yoperekera anthu katundu, anaitana Ndaziona wolemba mapulogalamu a kompyuta.

"Manambala osonyeza nyumba pamapuwa atalika michira pambuyo pa kadontho. Pulogalamu ikamawalemba izidula michirayo, apo ayi ntchito yakuthera."

Ndaziona ankadziwa kuti nambala ikadulidwa, nyumba imasuntha pamapu. Koma anangoti, "Chabwino bwana, ulemu ukhale wanu, tiyambire nyumba yanu."

Tsikulo bwana anali ataitanitsa maluwa a akazi awo, oti akaperekedwe kunyumba kwawo. Wanjinga yamoto wa kampaniyo anatsatira nambala yodulidwayo mpaka kumanda, n'kusiya maluwawo pamenepo, dzina la bwana lili poonekera.

Madzulo foni ya Ndaziona inalira.

"Bwezera michira ija msanga," anatero bwana. "Achibale aona maluwa kumanda, akuti ndamwalira. Abwera ndi lole, ayamba kale kugawana mipando yanga."